Mwana wanga watola miyala ya pepo ku mgodi wakale wa Groverake: kodi ndi chuma kapena ndi poizoni?

Kalata ya sabata ino yachokera kumpoto kwa England:

"Zikomo akatswiri. Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Ntcheu koma panopa ndikugwira ntchito yosamalira okalamba ku County Durham. Loweruka lina tinapita kukawongola miyendo kumapiri a ku Weardale, kupitirira mudzi wa Rookhope, pamene pali mgodi wakale wotchedwa Groverake. Mwana wanga wa zaka 7 anabwerako matumba a jekete ali tho ndi miyala. Ina ndi ya pepo yooneka mbee, ina yobiriwira pang'ono, ina yotuwa yonyezimira koma yolemera modabwitsa, ndipo umodzi ndi wakuda wokhala ndi timizere toyera topindika. Bambo ake akuti ndi amethyst, tisunge tidzagulitse. Mnzanga wa kuntchito akuti ndi fluorite, mwala umene umawononga mano. Ndili ndi mantha chifukwa mng'ono wake wa zaka 2 amaika chilichonse m'kamwa. Ndi miyala yanji imeneyi, inafika bwanji pamenepo, nanga nditaye?"

Mayi, mtima m'malo. Mwana amene wagwira miyalayi tsiku limodzi, n'kusamba m'manja asanadye, sanapwetekeke ndi kanthu. Chimene ndikupempheni kuti muchite musanapitirize kuwerenga n'chimodzi chokha: tengani miyala yotuwa yolemerayo, ikani m'kachitini kotsekeka bwino ndi kuika pamwamba pamene wamng'onoyo sangafike. Pa miyala yonse imene mwatchula, yotuwayo ndi imene ndikuidera nkhawa, osati ya pepo imene yakuopsaniyo.

Mnzanu wa kuntchito walondola pa dzina. Ya pepo ndi yobiriwirayo ndi fluorite, imene anthu a m'migodi ya kumeneko ankaitchula kuti fluorspar kapena kungoti spar. Groverake unali mgodi wa mwala umenewu, ndipo pamene unatsekedwa mu 1999 unali womaliza mwa migodi ikuluikulu ya fluorspar m'mapiri onse a North Pennines. Bambo a mwana sindikuwaseka, chifukwa pa mtundu pokha fluorite ndi amethyst zimasokoneza anthu ambiri, ngakhale ena amene akhala akugula miyala ku Mzimba kapena kum'mwera kwa Zambia. Koma kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Amethyst ndi quartz, mwala wolimba kwambiri: pa sikelo ya Mohs, imene imayambira 1 kukafika 10, uli pa 7, ndipo umakanda galasi. Fluorite ili pa 4. Tengani kachidutswa kamene simukukafuna, kanyowetseni, mukande ndi nsonga ya mpeni. Mpeni ukasiya mzere, si amethyst. Yang'ananinso maonekedwe. Amethyst imamera ndi mbali 6 n'kusongoka kumapeto, pamene fluorite imamera timabokosi ta mbali zofanana, ndipo ya ku Weardale kawirikawiri mumapeza timabokosi tiwiri tolowana, kona ya kamodzi itatulukira pankhope pa kanzake. Ikasweka, makona ake amadukira mopendekera n'kusiya malo osalala a makona atatu. Quartz siisweka motero.

Ngati muli ndi tochi ya kuwala kwa UV, zimitsani magetsi usiku muwalitse pa miyalayo. Yambiri idzayaka buluu wopita ku pepo. Chimene chimachititsa ndi tizitsulo tosowa, makamaka europium, timene tinalowa pang'ono m'mwalamo pamene unkamera. Wasayansi George Stokes anafotokoza za kuwala kotereku mu 1852, ndipo fluorite inali m'gulu la zinthu zimene anayesa. Tochiyo igwiridwe ndi munthu wamkulu, isaloze m'maso mwa ana.

Yotuwa yolemerayo ndi galena, mwala umene amayengamo mtovu. Pa magalamu 100 alionse a galena weniweni, pafupifupi 86 ndi mtovu, n'chifukwa chake imalemera kuwirikiza kawiri ndi kuposerapo poyerekeza ndi fluorite ya msinkhu womwewo. Ndi yofewa, imanyenyeka kukhala timabokosi ting'onoting'ono tonyezimira, ndipo imasiya zakuda m'zala. Wakuda wa timizere toyera uja ndikuganiza kuti ndi mwala wa laimu wokhala ndi zotsalira za zamoyo za m'nyanja, ndipo kwa ine ndiwo wofunika kuposa yonse, chifukwa nkhani ya mgodi wonsewo ikuyambira pa iwo.

Zaka pafupifupi 325 miliyoni zapitazo, dera limene lero kuli mphepo yozizira ndi nkhosa zokhazokha linali pafupi ndi equator, pansi pa nyanja yosaya ndi yofunda. M'nyanjamo munali makorali, nkhono ndi zamoyo zina za zigoba. Zikafa, zigoba zawo zinkaunjikana pansi, n'kumatana kukhala mwala wa laimu. Kenako mitsinje yochokera kumpoto inkabweretsa matope ndi mchenga n'kukwirira zonse, pamwamba pake n'kumera nkhalango za m'madambo, nyanja n'kubwereranso. Zimenezi zinachitika mobwerezabwereza, moti mukayang'ana khoma la chigwa ku Weardale muona laimu, pamwamba pake mwala wa matope, kenako wa mchenga, penapake kamzere ka malasha, laimu winanso, choncho mpaka pamwamba. Pa magawo onse a laimu, lokhuthala kwambiri chakumtunda limatchedwa Great Limestone, ndipo ndi la mamita pafupifupi 20. Mtundu wake ndi wotuwa chakuda chifukwa cha matope ndi zotsalira za zamoyo zimene zinasakanikirana nawo, ndiye musayembekezere kuti uoneka woyera ngati miyala imene amaotcha laimu ku Balaka. M'kati mwa Great Limestone muli kagawo kodzaza ndi makorali otchedwa Dibunophyllum. Akaupala bwino mwalawo amautcha Frosterley Marble, ndipo mizati yopyapyala yakuda ya m'tchalitchi chachikulu cha Durham Cathedral inasemedwa kuchokera ku mwala umenewu. Mukafuna kutsimikiza, palani pang'ono mwala wa mwana wanuyo ndi kudonthezera viniga pa ufawo. Ukatulutsa timathovu, ndi laimu. Fluorite siichita thovu ndi viniga.

Laimu yekha sabala fluorite. Panafunika ming'alu, kutentha ndi madzi. Patapita zaka mamiliyoni angapo, nthaka ya kumeneko inakokeka n'kung'ambika, ndipo cha m'ma zaka 295 miliyoni zapitazo chiphalaphala cha mwala wosungunuka chinalowerera pakati pa magawo aja n'kuuma kukhala mwala wolimba wotchedwa Whin Sill, womwe uja umene mathithi a High Force amagwerapo. Pambuyo pake madzi otentha, opitirira madigiri 100 ndipo penapake kuyandikira 200, amchere kuwirikiza kangapo madzi a m'nyanja yaikulu, anayamba kuyenda m'ming'alumo. Madzi otere amasungunula zitsulo m'miyala imene akudutsamo. Ananyamula mtovu, zinki, chitsulo ndi fluorine, ndipo pamene ankakwera n'kumazizira, katunduyo ankatsalira m'makoma a ming'alu mpaka kuidzaza. Ming'alu yodzazayo ndi imene anthu a m'migodi amaitcha mitsempha. Groverake inakumbidwa pamene mitsempha ingapo imayandikana, kuphatikizapo Red Vein ndi Greencleugh Vein.

Apa ndi pamene laimu anagwira ntchito yake, ndipo ndi gawo limene ndimakonda kuimapo nthawi yaitali ndikatenga ophunzira kumalo otere. Fluorite ndi calcium wophatikana ndi fluorine. Madzi anabweretsa fluorine, ndipo laimu ndi nkhokwe ya calcium. Komanso madziwo anali ndi asidi pang'ono, ndiye akakumana ndi laimu mphamvu ya asidiyo inkatha, madziwo n'kulephera kupitiriza kunyamula zitsulo, galena ndi sphalerite (mwala wa zinki) n'kutsalira pompo. Chinanso, mwala wolimba monga laimu ukang'ambika mng'alu umakhala woyasama, pamene m'mwala wa matope umaphwanyika n'kutsekeka. Okumba akale ankadziwa zimenezi popanda buku: mtsempha ukalowa mu Great Limestone unkanenepa, ukalowa m'matope unkaonda mpaka kutsala kamzere chabe.

M'malo ena madzi aja sanakhutire ndi mng'alu. Analowerera cham'mbali m'magawo ena a laimu, n'kumausungunula pang'onopang'ono ndi kuikamo miyala yatsopano m'malo mwake, monga chiswe chimadyera mtengo m'kati n'kusiyamo dothi, kunja mtengo ukuonekabe wathunthu. Malo otere ankawatcha ma flats, ndipo mgodi wa Boltsburn, m'mudzi wa Rookhope momwemo, unatchuka nawo kwambiri. Poti mwala watsopanowo sunkadzaza malo onse a wakale, munkatsala mapanga ang'onoang'ono, ndipo m'mapanga amenewo ndi mmene fluorite inapeza mpata womera timabokosi tokongola popanda chopanikiza. Mmenemonso mumapezeka siderite ndi ankerite, miyala ya chitsulo yofiirira imene ikakhala panja imachita dzimbiri, ndi quartz yoyera yokuta timabokosi ta fluorite, ndi calcite. Ngati mwana wanu ali ndi mwala wabulauni wonyezimira koma wosalemera ngati galena, mwina ndi sphalerite, wa zinki.

Pali funso limene linavutitsa akatswiri kwa nthawi yaitali. Mu 1934 Kingsley Dunham anasonyeza kuti miyalayi inayalana mwadongosolo: fluorite ili pakati pa derali, ku Weardale ndi madera oyandikana nawo, ndipo cha m'mphepete mumapezeka baryte ndi witherite, miyala ya chitsulo cha barium. Iye anaganiza kuti pansi payenera kukhala mwala waukulu wa granite umene unali gwero la kutentha. M'ma 1950 Martin Bott ndi mnzake anayeza mphamvu yokoka ya dziko m'derali n'kupeza zizindikiro zoti pansi palidi mwala wopepukirapo monga granite. Mu 1960 ndi 1961 anaboola chitsime chakuya ku Rookhope, ndipo pa mamita pafupifupi 390 anaupezadi granite uja. Koma panali chodabwitsa. Pamwamba pa granite panali poti panaperepeseka ndi mvula ndi dzuwa kalekale, laimu asanayalidwe. Granite ndi wa zaka pafupifupi 400 miliyoni, wamkulu kuposa laimu, ndiye sakanakhala chiphalaphala chotentha pa nthawi imene mitsempha inkadzaza. Maganizo amene ambiri akugwira tsopano ndi akuti granite ameneyu, chifukwa ali ndi uranium, thorium ndi potassium, amatulutsa kutentha pang'onopang'ono mpaka lero, ndipo ming'alu yake ndi imene inakoka ndi kulondolera madzi amchere aja. Mu 2004 ataboola pafupifupi kilomita imodzi ku Eastgate, m'chigwa chomwecho, anapezamo madzi ofunda amchere akadali m'mng'alu wa mtsempha. Ndimailemekeza nkhani imeneyi chifukwa Dunham analondola za granite, chitsime chinakonza mbali imene inali yolakwika, ndipo sayansi inapita patsogolo.

Za mbiri ya mgodi ndidutsa mwachangu. Kwa zaka mazana anthu a ku Weardale ankafuna mtovu, fluorite n'kumaitaya pa milu ya zinyalala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mitengo ya mtovu inagwa, koma mafakitale a zitsulo anayamba kufuna fluorspar chifukwa imathandiza kuti zonyansa za m'ng'anjo zisungunuke msanga n'kupatukana ndi chitsulo. Zimene zinali zotaya zinasanduka malonda. Yoyeretsedwa kwambiri, yofika 97 peresenti, amapangira asidi wa hydrofluoric, amene amagwiritsidwa ntchito pa aluminiyamu, mpweya wa m'mafiriji ndi zina zambiri. Fakitale ya zitsulo ya ku Consett itatsekedwa mu 1980, ndipo fluorspar yotchipa ya ku China itadzaza msika, migodi ya m'chigwachi inatha umodziumodzi.

Tsopano za mano. Mnzanuyo wagwira mbali ina ya choonadi. Mano a mawanga abulauni amene timawaona kwathu, monga ku Nathenje ndi madera ena a kuchigwa cha Shire, amabwera chifukwa cha fluoride (fluorine wosungunuka) wochuluka m'madzi akumwa, ndipo ena mwa fluoride ameneyo amachokera m'miyala yokhala ndi fluorine imene madzi a pansi akhala akuikhudza kwa zaka zambirimbiri. Bungwe la WHO limalangiza kuti fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi. Koma vutolo limafuna kuti mwana azimwa madzi oterowo tsiku ndi tsiku pa zaka zimene mano ake akupangika. Fluorite imasungunuka movutikira kwambiri m'madzi, ndiye kuigwira, ngakhale kuinyambita kamodzi, sikungadetse mano a mwana. Zoti mupewe ndi izi: musaiviike m'madzi akumwa monga ena amalimbikitsira pa intaneti ponena kuti ndi mankhwala, musaipere kukhala ufa, musaiike pamoto chifukwa imathetheka n'kumwaza tizidutswa, ndipo isakhudzane ndi asidi wamphamvu monga wa m'batire ya galimoto, poti pamenepo pamatuluka asidi woopsa wa hydrofluoric uja. Kwa mwana wa zaka 2, ngozi yeniyeni ya fluorite ndi kutsamwa ndi kudzicheka, chifukwa m'mphepete mwake mumakhala mwakuthwa.

Mtovu ndi nkhani ina. Palibe mlingo wa mtovu m'magazi a mwana umene madokotala amati ndi wabwinobwino, ndipo thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu wambiri kuposa la munthu wamkulu. Umawononga ubongo umene ukukula, ndipo nthawi zambiri suonetsa chizindikiro mpaka patapita nthawi. Abale athu a ku Zambia akudziwa bwino za Kabwe, kumene mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994 koma ana akuvutikabe ndi fumbi lake. Sindikunena kuti ulendo wanu wa tsiku limodzi ukufanana ndi kukulira ku Kabwe, ayi, n'zotalikirana kwambiri. Ndikutchula kuti muone njira imene mtovu umalowera: fumbi, zala, kamwa. Galena yathunthu siilowa pakhungu. Imene imavuta ndi yonyenyeka, komanso ufa woyera umene umapangika pamwamba pake ikakhalitsa pamvula, chifukwa umenewo umasungunuka mosavuta m'mimba. Choncho tembenuzirani matumba a jekete ija kunja, muwakutumule panja, muichape payokha. Pukutani ndi nsalu yonyowa pamene miyalayo inaikidwa, ndi m'galimoto momwe. Nsapato za ulendowo zitsukidwe panja. Ndipo poti ena mwa ife tikakhala oyembekezera timalakalaka dothi, ndinene poyera kuti dothi la m'dera la migodi ya mtovu lisayandikire pakamwa.

Nthawi yofuna thandizo ndi iyi. Ngati mukuganiza kuti wamng'onoyo wameza kachidutswa ka galena, kapena mwamupeza akutafuna, imbani 111, nambala ya uphungu wa zaumoyo ku England, tsiku lomwelo ndipo munene mawu akuti lead ore kuti amve msanga chimene mukutanthauza. Akatsamwa kapena kuvutika kupuma, imbani 999, nambala ya ngozi zadzidzidzi, nthawi yomweyo. Ngati wakhala akuseweretsa miyalayo masiku angapo, kapena ali ndi chizolowezi chodya dothi, kapena mwaona kupweteka kwa m'mimba kosatha, kudzimbidwa, kufooka, kukwiyakwiya ndi kusafuna kudya, pitani kwa GP, dokotala wa banja lanu, mukapemphe kuti amuyeze mtovu m'magazi. Kuyezako n'kosavuta, ndipo kuli bwino kuyezetsa n'kupeza kuti palibe kanthu.

Pali chinthu chimene simunafunse koma chimandisowetsa tulo kuposa miyala ya m'thumba, ndicho malo enieniwo. Mapiri a ku Rookhope ndi obookabooka. Kuli zitsime za migodi zakale zimene zinangovundikiridwa ndi matabwa ndi dothi zaka zoposa 100 zapitazo, matabwawo anawola, pamwamba pamera udzu. Mukaona kadzenje kozungulira kolowa pansi, kapena malo otchingidwa ndi waya pakati pa thengo, mwana asapondepo. M'ngalande zolowera m'phiri musalowe ngakhale mamita ochepa: mpweya wa m'menemo ukhoza kukhala wopanda oxygen wokwanira popanda fungo lililonse lokuchenjezani, denga limagwa, ndipo pansi pa madzi ooneka osaya pamatha kukhala dzenje lakuya. Nyumba zotsala ndi nsanja yachitsulo ya pa Groverake n'zoonera patali. Madzi otuluka m'migodi, ngakhale aoneke oyera, amanyamula zinki ndi zitsulo zina, ndiye si akumwa kapena kusambitsira zipatso za pa ulendo. Munthu akagwera m'dzenje, musamutsatire. Imbani 999, mupemphe apolisi, muwauze kuti ndi ngozi ya mu mgodi wakale kuti aitane gulu lopulumutsa anthu m'mapanga.

Kwa bambo a mwana, za malonda ndinene mosabisa: zidutswa zotola pa milu ya zinyalala sizigulitsika ndalama yooneka. Fluorite ya ku Weardale imene imagulidwa mapaundi mazana kapena masauzande ndi ya timabokosi tathunthu, toonekera mkati, topanda pobenthuka, tochotsedwa mosamala m'mapanga a pansi, monga yobiriwira yotchuka ya ku mgodi wa Rogerley pafupi ndi Frosterley. Pa mphete siikhalitsa chifukwa ndi yofewa. Dziwaninso kuti ku England ufulu woyenda pa malo si ufulu wotengapo miyala. Malo ali ndi eni ake, ena ndi otetezedwa ndi lamulo, ndiye tizidutswa tochepa ta mwana si nkhani yoti musagone nayo tulo, koma kupita ndi nyundo ndi matumba, makamaka pofuna kugulitsa, kumafuna chilolezo cha mwini malo.

Musataye zonse. Mwana wa zaka 7 amene wasankha yekha mitundu inayi yosiyana ali ndi diso, ndipo ndingakonde kuti mulisamale. Tsukani fluorite ndi laimu uja ndi madzi ofunda pang'ono ndi mswachi wakale umene sudzabwereranso kubafa, muziike m'bokosi lotsekeka kutali ndi dzuwa lamphamvu, poti mitundu ina ya fluorite imasuluka. Galena ikhale m'kachitini kake koonekera mkati, komatidwa ndi tepi, kosatsegulidwa mpaka wamng'onoyo atakula. Ngati mtima sukukhazikika nayo m'nyumba, funsani a khonsolo ya kwanuko kumene amalandirira zinyalala zoopsa. Mwanayo alembe yekha kapepala ka mwala uliwonse: dzina la malo, tsiku, ndi dzina la mwalawo. Pa tchuthi mupite naye ku Killhope, malo osungirako mbiri ya migodi ya mtovu kumtunda kwa chigwa chomwecho, mutayamba mwafufuza ngati n'kotsegula. Kumeneko kuli timabokosi tagalasi timene okumba migodi ankakongoletsa ndi miyala yotereyi, ndipo ogwira ntchito kumeneko akhoza kumuthandiza kutchula dzina la mwala uliwonse umene wakukanikani kuuzindikira.